Forsyth bwenzi la Afirika? Tisanamizane

Chimwalirireni Frederick Forsyth pa 9 June 2025, ndakhala ndikumva anzanga ena okonda mabuku akumutcha bwenzi la Afirika. Pepani akuluakulu, ine izi ndikukana.

Luso lake lokha sindikutsutsa. Mngelezi ameneyu adali wosweka, wopanda ntchito, pomwe adakhala pansi nkulemba The Day of the Jackal m'masiku 35 okha. Bukulo lidatuluka mu 1971. Aliyense adali kudziwa kale kuti Charles de Gaulle sadafe ndi chipolopolo, komabe umawerenga mtima uli phaphapha mpaka kandulo kutha. Amene adabwerekapo buku lake lothothoka chikuto akudziwa chomwe ndikunena.

Za ku Biafra nazonso timupatse ulemu wake. BBC idamutumiza ku nkhondo ya ku Nigeria mu 1967. Atasemphana ndi mabwana ake pa kaulutsidwe ka nkhondoyo, adasiya ntchito nkubwerera yekha kukaona ana akufa ndi njala. Buku lake la 1969, The Biafra Story, lidadzudzula boma la kwawo poikira kumbuyo Lagos. Apa mpomwe omutamawo amaimira.

Koma pitirizani nkhaniyo, bwanji mukulekera panjira? Mu 2015, m'buku la mbiri ya moyo wake, The Outsider, mkuluyu adaulula yekha kuti adagwirirapo ntchito MI6, akazitape a Britain, kwa zaka zoposa 20, ndipo chibwenzicho chidayambira ku Biafra komweko. Ankati sankalipidwa. Nanga kusalipidwako kukusintha chiyani? Munthu amene ankamufotokozera mavuto ake ankayesa akuyankhula ndi mtolankhani basi. Lero mtolankhani wachilungamo akamangidwa pomuganizira ukazitape, apolisi ali ndi dzina loti atchule.

Ndiye pali The Dogs of War ya mu 1974. Mwini kampani ya migodi ku London wamva kuti m'dziko lopeka la Zangaro muli phiri la platinamu, ndiye akulemba ganyu asilikali ogulidwa kuti akachotse pulezidenti. Omuteteza amati kumapeto mtsogoleri wa asilikaliwo, Cat Shannon, amaukira bwana wakeyo nkupereka dziko kwa anthu abwino. Eya, nzoona. Koma wasankha wolamulayo ndani? Mzungu wonyamula mfuti. Eni dziko m'bukumo ali ngati mbuzi pamsika, ena akutsatsana mtengo izo zili chete. Owerenga amatseka bukulo akudziwa kagulidwe ka zida ndi kazembetsedwe kake pa sitima, koma za mayi wa ku Zangaro sadziwa ngakhale chomwe amaphika.

Wina anena kuti ndi nthano chabe, yotayitsa nthawi m'basi. Mu March 2004, pa bwalo la ndege la Harare, adagwira Simon Mann ndi amuna pafupifupi 70 ali paulendo wokagwetsa boma la Teodoro Obiang ku Equatorial Guinea, dziko la mafuta. Sindikuti Forsyth ndiye adawatuma, ndipo Obiang naye si mngelo. Koma maganizo oti kadziko ka mu Afirika ungakatole usiku umodzi ngati chikwama chotayika, adawakometsera ndani kwa anthu mamiliyoni?

Mabuku ake ine ndiwerengabe, The Odessa File ili pamutu pa bedi panga pano. Koma pa mndandanda wa abwenzi a Afirika, dzina lake musandilembere.