Chikwama ndinagula, koma panalibe womugwira dzanja

Amayi ndi abambo, inu a kuno ku Doha, a ku Muscat, a ku Johannesburg ndi kwina konse kumene tinapita kukasaka chakudya cha ana.

Sabata ino tikambe za ana amene tinawasiya kumudzi, aja a zaka 3 mpaka 5 amene akuyamba sukulu ya mmera mpoyamba. Ndiyamba ndi manyazi anga.

M'nyumba imene ndimagwiramo ntchito muli kamnyamata kamene chaka chatha kanali ndi zaka 4. Kuno sukulu zimatsegulira kumapeto kwa Ogasiti, dzuwa likuwotchabe, ndipo kalasi ya ana aang'ono amaitcha KG. Kutatsala milungu itatu, madamu anandipatsa ntchito. Ndizimudzutsa m'mamawa ngakhale kulibe kopita, kuti thupi lizolowere. Azipita kuchimbudzi yekha, kukweza kabudula yekha, kusamba m'manja. Azitsegula yekha kabokosi ka chakudya, ine manja kumbuyo. Tsiku lina mayi ake anapita naye kukaona kalasi: pokhala iwe ndi apa, chimbudzi ndi icho, aphunzitsi ako ndi awa. Ine mumtima ndinkaseka, amvekere anthu a ndalama nawonso, mwana wamng'ono chonchi kumuyesa msilikali. Tsiku loyamba analira pang'ono pageti, kenako analowa.

Mu Seputembala wa chaka chomwecho mdzukulu wanga wamkazi, naye wa zaka 4, ankayamba kwathu kufupi ndi Luchenza. Mayi ake ali ku Johannesburg, bambo ake anasowa kalekale. Amakhala ndi achemwali anga aakulu, amene maondo anayamba kale kuwavuta. Ndinatumiza ndalama ya chikwama, nsapato ndi diresi. Chithunzi chitabwera ndinaonetsa amayi onse Lachisanu, nkumati yanga ndatha.

Patapita mwezi ndinafunsa pafoni za kusukulu. Achemwali anati, "Aa, ujatu anasiya. Anangopita masiku atatu." Ndinakhala pansi m'khitchini momwemo.

Zinatuluka pang'onopang'ono. Tsiku loyamba anapita ndi ana a kupulayimale, anamusiya pakhomo iwo nkuthamangira kwawo. Mkodzo utamugwira sanadziwe wouza ndani, anadzikodzera, anzake anamuseka. Alezi anauza achemwali kuti mwanayu akaitanidwa sayankha, mwina samva. Chikhalirecho iwo ankaitana dzina lolembedwa m'kabuku ka kusikelo, pamene kunyumba tonse timamutchula dzina lina lachibwana. Mwana sankadziwa kuti dzina lija ndi lake. Ine amene ndinatha milungu itatu ndikukonzekeretsa mwana wa eni, wanga sindinamufunseko ngakhale funso limodzi.

Sindikunena izi kuti tidzitukwane. Ambiri a ife a m'nyumba sitingabwere ndi ana kuno, mukudziwa. Malipiro otsikitsitsa ku Qatar kuyambira 2021 ndi mariyali 1,000 pamwezi, ndipo pakamwa podyetsa mpambiri. Koma zimene zinamusowa mdzukulu wanga sizinali zogula.

Woyamba kukonzekeretsa si mwana, ndi munthu amene akukhala naye. Agogo ambiri sanapondeko m'kalasi. Kwa iwo mwana akalira, nkwabwino akhale pakhomo, adzayamba akakula. Musawakalipire, akukulererani. Akhazikeni pansi pafoni mwaulemu, muwafunse: "Amayi, tsiku loyamba adzamuperekeza ndani? Nanga lachiwiri? Mukalawirira kumunda, adzamusambitsa ndani?" Ngati palibe yankho, funani munthu sukulu isanatsegulidwe, kaya ndi mlamu, kaya mayi wa mumpingo wa kumudziko, amene angalonjeze sabata yathunthu. Wamkulu, osati mwana mnzake.

Kenako pezani nambala ya alezi. Masukulu a mmera mpoyamba a m'midzi amayendetsedwa ndi anthu a m'mudzi momwemo kudzera m'komiti, ndipo alezi ambiri ndi ongodzipereka. Munthu mmodzi ndi ana ochuluka, sangalote kuti uyu mayi ake ali kunja, uyu anamwalira bambo. Auzeni nokha. Funsaninso za phala, chifukwa m'malo ambiri makolo ndi amene amasonkha chimanga. Potumiza ndalama nenani momveka kuti iyi ndi ya phala la kusukulu, apo ayi ilowa m'ndiwo, ndipo mwana wa pakhomo posasonkha amamva mawu.

Kabuku ka kusikelo kaonedwe, akujambulireni tsamba lililonse. Ndikudziwa kuti nkhani ya katemera imatigawanitsa ena mwa ife a Ziyoni, ndipo ine ndinaona chikuku cha 2010 ndi maso anga, kotero wanga anabayitsa. Ngati makutu akutuluka mafinya, kapena mwana sacheuka mukamuitana ali chofulatira, apite kuchipatala tsopano, asadikire zaka 6 zoyambira Sitandade 1. Kumeneko kalasi imadzaza, mwana wachete amangokhala kumbuyo mpaka kubwereza.

Nanga ife tili kutali tingachite chiyani ndi pakamwa pathu? Kuno tili patsogolo ndi ola limodzi. Ndikamamaliza mbale 10 koloko usiku, kwathu ndi 9 koloko, mwana anagona kale. Ndiye ndimajambula mawu pa WhatsApp, achemwali amamuyikira m'mawa akumwa phala. Ndimamuitana dzina la m'kabuku lija. Ndimamufunsa, "Dzina lako ndani? Umakhala mudzi wa yani? Ukafuna kukataya madzi uwauza bwanji alezi?" Timawerenga zala, ndimamuuza kanthano kakafupi. Lamulo la 2017 la antchito a m'nyumba limatipatsa tsiku limodzi lopuma pasabata, ngakhale si madamu onse amene amalitsata. Inu amene mumalipeza, ola limodzi la tsikulo likhale la mwana yekha, osati la milandu ya feteleza ndi ngongole.

Abambo, musadumphe ndimeyi ngati ya amayi. Muli ndi foni zazikulu kuposa zathu.

Mdzukulu wanga anabwerera teremu ya Januwale. Achemwali anayenda naye okha ndi ndodo yawo, anayamba amuonetsa chimbudzi, nkukhala pansi pa mtengo wa mango masiku anayi pamalo poti iye aziwaona pazenera. Lachisanu lapitali ananditumizira mawu. Anatchula dzina lake lonse, la mudzi, ndi la alezi ake, kenako nkundifunsa kuti, "Agogo, inuyo kusukulu kwanu kuli phala?"