Ulendo udadikira Miriamu

Mawu otitsogolera: Numeri 12:1-16, Levitiko 13:1-8, 2 Timoteo 1:15-18

Alipo matenda amene ululu wake waukulu umakhala pa chitseko chotseka. Ambiri a ife tidaphunzira zimenezi m'zaka za 2020 ndi 2021. Pa 2 Epulo 2020 boma lidalengeza kuti anthu atatu oyamba apezeka ndi nthenda ya Covid-19 mumzinda wa Lilongwe, ndipo kuyambira pamenepo mawu oti kubindikira adakhala a tsiku ndi tsiku. Wopezeka ndi kachilombo, wokhudzana ndi wodwala, ngakhalenso wochokera kunja kwa dziko, amauzidwa kuti akhale payekha masiku 14. M'makomo ena masiku 14 amabala ena 14, chifukwa pochira mmodzi wina amayamba kutsokomola. Agogo athu, ndi ena odwala shuga, mphumu kapena kuthamanga kwa magazi, adatha miyezi osaponda pakhomo la tchalitchi.

Pa 5 Meyi 2023 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidalengeza kuti nthendayi yasiya kukhala chiopsezo chadzidzidzi cha dziko lonse. Tidavula zotchinga pakamwa, tidayambiranso kupatsana moni wa m'manja, ndipo tidaiwala msanga. Komatu mliri sulawira ukamabwera. Kolera wa 2022 ndi 2023 adatikumbutsa zomwezo. Choncho n'kwanzeru kuti lero, pamene zitseko zili zotsegula, tidzifunse: kodi munthu amapirira bwanji kukhala payekha nthawi yaitali, nanga mpingo uli ndi udindo wanji pa iye?

Yankho tikulipeza m'chipululu, pamalo otchedwa Hazeroti. Miriamu, mlongo wa Mose, mneneri wamkazi yemwe adatsogolera amayi kuimba ndi kuvina Aisraeli atangowoloka nyanja, adayamba kumunena Mose pamodzi ndi Aroni chifukwa cha mkazi amene Mose adakwatira. Mulungu adakwiya, ndipo Miriamu adachita khate. Mose adamupempherera, koma Mulungu adalamula kuti abindikiritsidwe kunja kwa zithando masiku asanu ndi awiri.

Nkhaniyi timakonda kuilalikira ngati chenjezo kwa amiseche, ndipo n'zoona. Koma ndime 15 ili ndi chuma chomwe timachidumpha. Imatiuza kuti khamu lonse silidanyamuke mpaka Miriamu atabwerera. Tikumbukire kuti malinga ndi Numeri 1:46, amuna okha oyenera kupita kunkhondo adalipo 603,550, osawerenga amayi, ana ndi fuko la Levi. Anthu onsewo, ndi ziweto zawo, ndi dziko lamalonjezano lili patsogolo pawo, adaima sabata yathunthu chifukwa cha mayi mmodzi wokalamba, amenenso adali wolakwa. Miriamu adagona yekha kunja, koma akadzuka m'mawa amaona utsi wa abale ake ukufuka pomwepo. Adapatulidwa, koma sadatayidwe.

Mfundo yathu yagona pamenepa. Kupatula wodwala kuti nthenda isafale ndi nzeru, ndipo nthawi zina ndi chikondi chenicheni. Kumuiwala ndilo tchimo. Munthu amatha kupirira chipinda chotseka kwa nthawi yaitali ngati akudziwa kuti kunja alipo omudikira.

Malamulo a m'buku la Levitiko amanena zofanana. Munthu akaoneka ndi banga lokayikitsa pakhungu, wansembe amamutsekera masiku asanu ndi awiri. Pa tsiku lachisanu ndi chiwiri amabwera kudzamuonanso, ndipo ngati mpofunika amaonjezera masiku ena asanu ndi awiri. Onse pamodzi ndi masiku 14, monga momwe madokotala athu adatiuzira. Koma taonani: lamulo lomwe limatsekera wodwala ndi lomwenso limakakamiza wansembe kubwerera kwa iye. Ndipo pa Levitiko 14:3, wakhate akachira, wansembe ndiye amatuluka kunja kwa zithando kukamupeza. Mtumiki wa Mulungu amayenera kuyenda mpaka kumalire.

Makolo athu adaidziwa nzeru imeneyi. Mayi akabereka amakhala m'chikuta mpaka mchombo wa mwana utagwa, ndipo sikuti aliyense amangolowamo. Koma kodi mayiyo amagona ndi njala? Ayi. Amayi aakulu amamuphikira phala, amamutungira madzi, amamufunditsira osamba, amamuchapira. Chikuta chidali chotseka, koma mudzi wonse umawerenga nawo masiku.

Nanga ife tidachita bwanji pamene mliri udatifika? Tivomereze poyera kuti m'malo ambiri tidalephera. Tidaloza zala makomo a odwala n'kumati kumeneko kuli kolona. Tidaletsa ana athu kusewera ndi ana a anamwino. Abale athu obwerera kuchokera ku South Africa, omwe dzulo lake timadya ndalama zawo, tidawaona ngati onyamula imfa. Ena atachira adapeza kuti pachitsime anthu akuwathawabe. Zotsatira zake, ambiri amabisa chifuwa ndi malungo, n'kumayendayenda pakati pa anthu, chifukwa amaopa manyazi kuposa nthenda. Kusala kwathu kudathandiza mliri kufala.

Ena mwa ife tidagwera mbali ina. Tidati wa chikhulupiriro sabindikira, ndipo wovala chotchinga pakamwa ndi wamantha. Koma Ambuye wathu, Satana atamuimika pamwamba pa kachisi n'kumuuza kuti adzigwetse, adakana kumuyesa Mulungu. Mu 1527 mliri utagwa mumzinda wa Wittenberg ku Germany, Martin Luther sadathawe. Adatsala kutumikira odwala. Komabe m'kalata imene adalemba chaka chomwecho adadzudzula anthu okana mankhwala ndi osasamala, ndipo adalangiza kupewa malo ndi anthu kumene munthu sakufunikako, kuopa kutenga nthenda n'kuipatsira ena. Mu Januwale 2021, pomwe nduna ziwiri za boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zidamwalira tsiku limodzi, ndipo mauthenga a maliro amangotsatana m'mafoni mwathu, ambiri tidazindikira mochedwa kuti kudzitchinjiriza si kuchepa chikhulupiriro.

Tsono tiyankhule kaye ndi iye amene ali mkati, chifukwa mawa akhoza kukhala aliyense wa ife.

Choyamba, tisalole kuti masiku asungunuke n'kukhala phala limodzi. Nowa adakhala m'chingalawa kupitirira chaka, koma Genesis 7 ndi 8 akutionetsa munthu wodziwa tsiku ndi mwezi. Adatulutsa khwangwala, kenaka nkhunda; adadikira masiku asanu ndi awiri n'kuitulutsanso, n'kudikiranso ena asanu ndi awiri. Tsiku lililonse nyama zimafuna chakudya kwa iye. Nafenso tikatsekeredwa tizidzuka nthawi yake, kusamba, kuvala, kuyala pogona ndi kusesa m'chipinda ngati tikuyembekezera mlendo. Titsegule zenera, tiothere dzuwa pakhonde ngati n'kotheka. Tikhale ndi ola lopemphera lokhazikika, monga Danieli amagwadira katatu pa tsiku. Buku la Masalimo lili ndi mitu 150. Wowerenga isanu pa tsiku amalimaliza m'masiku 30, ndipo amapezamo anthu amene adalira usiku monga iye. Tsiku la kupembedza likafika, tivale za kutchalitchi ngakhale tikamvera ulaliki pa wailesi. Manja nawo apeze chochita: kusoka, kuluka, kulemba, kusankha nyemba.

Chachiwiri, tisanyoze thupi. Mneneri Eliya atatopa ndi kukhala yekha adagona pansi pa kamtengo m'chipululu n'kupempha imfa. Mulungu sadayambe ndi kumudzudzula. Adatumiza mngelo ndi mkate ndi madzi, adamulola kugonanso, n'kumudyetsanso kachiwiri. Nthawi zambiri mdima wa mumtima umakula chifukwa cha njala, kusowa tulo ndi kungokhala malo amodzi. Tidye, timwe madzi, tiyendeyende ngakhale m'chipinda momwemo. Amene tili pa mankhwala a ma ARV, a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena a chifuwa chachikulu tisadukize. Ndipo kupuma kukayamba kubanika tisamangoti tipemphera kaye. Tiitane thandizo la achipatala, pemphero lipitirire m'njira.

Chachitatu, tisamale zolowa m'makutu. Eliya adakhulupirira kuti watsala yekha, pamene Mulungu adali atasunga anthu 7,000. Kukhala wekha kumanamiza. M'masiku a Covid-19 foni idali dalitso, komanso idali khomo la mantha: mauthenga a WhatsApp onena za imfa, za mankhwala abodza, za kutha kwa dziko, amalowa mpaka pakati pa usiku. N'kokwanira kumva nkhani kamodzi kapena kawiri pa tsiku kuchokera kwa odalirika, foniyo n'kuigwiritsa ntchito kumva mawu a munthu wamoyo.

Chachinayi, tisachite manyazi kupempha. Mtumwi Paulo, ali m'ndende ku Roma, sadadzionetse ngati mwala. Adalembera Timoteo kuti afulumire kubwera nyengo yozizira isadafike, amutengere chofunda chake chimene adachisiya ku Trowa, ndi mabuku. Adatchula mayina a omwe adamusiya. Ngati mtumwi adavomera kuti akumva kuzizira ndipo wasowa anzake, ife ndife yani kuti tizingoyankha kuti tili bwino? Abambo makamaka, timve apa. Mwambi woti mwamuna salira waika ambiri m'manda. Maganizo ofuna kudzichotsera moyo akabwera, tiuze munthu tsiku lomwelo: mbusa, mbale, kapena wachipatala.

Tsopano tibwere kwa ife otsala kunja, pakuti katundu wamkulu ali pa ife. Paulo yemweyo amatchula munthu wina dzina lake Onesiforo, amene atafika ku Roma adamufunafuna mwakhama mpaka kumupeza, osachita manyazi ndi unyolo wake. Onesiforo sadasiye kalata kapena ulaliki umene timawerenga lero. Chimene timamudziwira n'choti adafunafuna munthu wotsekeredwa. Utumiki umenewu aliyense angauthe.

Kuzonda wodwala sikufuna kuti tikhale pamphasa yake. Tingathe kusiya ndowa ya madzi, mtolo wa nkhuni ndi chakudya pakhomo, n'kuima patali kumufunsa m'mene wagonera. Tingathe kumutumizira mayunitsi, kumupitira kuchigayo, kumupalirira m'munda, kumuyang'anira mbuzi. Akwaya atatu kapena anayi angathe kuima pabwalo motalikirana n'kumuimbira. Amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Dorika, ndi a m'miphakati angagawane mayina kuti pasapezeke tsiku limene wobindikira sadamve mawu a munthu. Mlongo wa Mose, yemwe ambiri timakhulupirira kuti ndi Miriamu yemweyu, ali mtsikana adaima patali m'mbali mwa mtsinje kuyang'anira khanda lili m'kabokosi ka gumbwa. Sadaligwire, koma sadachotse maso. Atakalamba, mtundu wonse udaima kumudikira iye. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tisaiwalenso kuti kubindikira n'kopepuka kwa amene ali ndi ufa m'nyumba. Boma litalengeza kuti anthu akhale m'makomo masiku 21 kuyambira pa 18 Epulo 2020, ochita malonda m'misika adachita zionetsero, ndipo Bwalo Lalikulu la milandu lidaimitsa ganizolo pa 17 Epulo. Dandaulo lalikulu lidali loti osauka adya chiyani. Funso limeneli silidali la boma lokha. Mpingo wouza wakabaza kapena mayi wogulitsa mandasi kuti akhale pakhomo masiku 14 uyenera kufika ndi thumba la ufa. Kalata ya Yakobo, mutu 2, imadzudzula womufunira mnzake mtendere ndi kukhuta koma osamupatsa kanthu. Kodi m'mipingo mwathu muli thumba la tsiku ngati limenelo, kapena zopereka zonse zimathera pa njerwa ndi malata?

Potsiriza, tisadikire mliri wina kuti tiyambe. Lero lino alipo obindikira pakati pathu popanda lamulo la boma: gogo amene miyendo idaleka kumufikitsa kutchalitchi, bambo amene adafa ziwalo, mayi wosamalira mwana wolumala amene sangamusiye yekha, wamasiye amene anthu adabalalika tsiku lotsatira maliro. Ife tidalawa masiku 14 n'kuona ngati chaka. Iwo zaka zikupita. Mayina awo adakali m'kaundula wa mpingo, koma ulendo udanyamuka kalekale osawadikira. Sabata ino banja lililonse lisankhe khomo limodzi lotere, lipiteko. Kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu.

Tipemphere: Atate wachifundo, Inu amene mudakumbukira Nowa m'chingalawa ndi Miriamu kunja kwa zithando, khalani pafupi ndi onse amene agona okha usiku uno. Tikhululukireni pamene tidathawa abale athu ndi kuwaloza zala. Tipatseni nzeru zodziteteza, ndi mtima wodikirana mpaka womaliza atabwerera. M'dzina la Yesu Khristu, Ambuye wathu. Amen.