DZINA LOLEMBEDWA M'BUKU LA NDEGE NDI LUMBIRO

Anthu a ku Nkope ndi midzi yonse ya m'mphepete mwa nyanja, kuyambira ku Mangochi kufikira ku Monkey Bay, anazolowera kuona ndege zing'onozing'ono zikudutsa pamwamba pa madenga ao, zitanyamula alendo okatera pa bwalo la ku Makokola. Alendowo amabweretsa chuma m'dziko, ndipo Boma lichita bwino powakopa. Koma msodzi ali m'bwato lake, kapena mwana ali m'kalasi, alibe njira yodziwira ngati ndege yodutsayo inayang'aniridwa mokwanira. Moyo wao watsamira pa munthu amene sadzamuona konse, ndiye makaniko wosaina m'buku la ndegeyo.

Injini ya boti ikazima pakati pa nyanja, eni ake amatenga nkhafi napalasa. Galimoto ikafa, imaima pambali pa mseu. Ndege iribe poima. Mu August 2024 ndege yaing'ono ya mtundu wa Cessna inagwera m'nyanja m'boma la Nkhotakota iri ndi anthu atatu. Awiri anamwalira, ndipo mai mmodzi wa ku Netherlands anapulumutsidwa ndi asodzi. Tsono nkhani ya ndege zotere iwakhudza ngakhale iwo amene sanakwerepo ndege chibadwire.

M'maiko ambiri ndege yaing'ono yonyamula anthu olipira imayang'aniridwa ikauluka maora 100, ndiponso kamodzi pa chaka. Makaniko wa chiphaso amatsegula injini, nayesa mawaya, mapaipi a mafuta ndi mabauti, ndipo akatha amalemba dzina lake kuchitira umboni kuti ndegeyo iri yoyenera kuuluka. Woyendetsa sangathe kuphwasula injini m'mawa uliwonse. Iye amakhulupirira dzinalo. Pamenepo mpamene pali ngozi, pakuti buku likhoza kuoneka laudongo pamene ndege iri ndi chilema. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Dziko lino linaphunzira zimenezi ndi misozi. Pa 10 June, 2024, ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 inagwa m'nkhalango ya Chikangawa, nipha Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa Dziko, Dr. Saulos Chilima, pamodzi ndi anthu ena asanu ndi atatu. Akatswiri a ku Germany amene anafufuza ngoziyo analoza nyengo yoipa ndi kuuluka m'munsi pakati pa mapiri. Komanso anapeza kuti batire la kachipangizo koitana opulumutsa ndege ikagwa linatha nthawi yake mu 2004. Batirelo silinagwetse ndege, koma ndegeyo inapezeka tsiku lotsatira, asilikali atachezera kuifunafuna. Ngati kanthu kotere kanakhala zaka 20 kosasinthidwa m'ndege yonyamula akulu a dziko, nanga m'ndege ya mwini mmodzi, yoima pa bwalo lakutali ndi Lilongwe, mungabisale zotani?

Ngakhale m'maiko olemera zolakwa zotere zimachitika. Pa 10 June, 1990, galasi la kutsogolo la ndege ya British Airways yochokera ku Birmingham linazuka m'mwamba, ndipo woyendetsa anakokedwa ndi mphepo theka la thupi kunja, anzake atamgwira miyendo kufikira ndege inatera ku Southampton. Mwa mabauti 90 omanga galasilo, 84 anali owonda ndipo 6 anali aafupi. Mkulu wa amakaniko anawasankha usiku pongoyerekeza ndi maso, osatsegula buku la zipangizo. Anawamanga yekha, nasainira yekha nchito yake. Sanali munthu waulesi kapena wosaphunzira. Chimene chinasowa ndi munthu wachiwiri woona nchitoyo.

Lamulo la 2017 linakhazikitsa bungwe la Malawi Civil Aviation Authority loyang'anira ndege zosakhala za asilikali, ndipo pamenepo Boma linaika maziko abwino. Chofunika ndi chakuti oyendera a bungweli azifika mosalengeza pa mabwalo ang'onoang'ono a kunyanja, nafananize zolembedwa m'buku ndi zimene maso ao aona pa ndege. Nchito iriyonse yokhudza injini kapena zoongolera iyenera kuonedwa ndi munthu wina wosiyana ndi woigwirayo.

Mlandu usathere pa makaniko yekha. Kawirikawiri iye ndi wolembedwa nchito, ndipo mwini ndege, poona kuti alendo akudikira ndipo chipangizo chichokera kutali ndi ndalama zakunja, akhoza kumuumiriza kuti asaine. Mwini wotere ayenera kuyankha poyamba. Kuyeneranso kusiyanitsa makaniko amene walakwitsa mosafuna nadziulula msanga, ndi wina amene walemba bodza mwadala. Woyambayo amvedwe ndi kuphunzitsidwa, pakuti akalangidwa mwankhanza anzake adzayamba kubisa zolakwa zao. Wachiwiriyo alandidwe chiphaso ndi kukaonekera m'bwalo la milandu.

A nchito za Boma adziwa kulemera kwa dzina lao pa kalata ya chuma cha dziko, ndipo aphunzitsi adziwa kuti kupambanitsa mwana wosakhoza ndiko kumpweteka. Aphunzitsiwo ali ndi amakaniko a mawa m'makalasi mwao. Awazoloweze akali ana kusalemba dzina pa chinthu chimene sanachione ndi maso. Oyendera nawonso apatsidwe galimoto, mafuta ndi maphunziro okwanira, kuti ndege iriyonse yotera ku Makokola ikhale ndi munthu wodziwika amene adzaiyankhira.