Andorra pa mphambano: kutsegulira Ulaya khomo kapena kudzitsekera m'mapiri

Dziko la Andorra, lomwe lapanikizika m'mapiri a Pyrenees pakati pa France ndi Spain, lili ndi chisankho chachikulu patsogolo pake. Mu Disembala 2023, boma lake linamaliza zokambirana ndi bungwe la European Union pa pangano loti dzikoli lilowe mu msika umodzi wa mayiko a ku Ulaya popanda kukhala membala wa bungwelo. Nduna yaikulu Xavier Espot inalonjeza kuti mawu omaliza adzachokera kwa nzika kudzera mu riferendamu.

Gwero la nkhaniyi lili m'maonekedwe a dzikoli. Andorra ndi wa masikweya kilomita 468 okha, ndipo anthu ake sakwana 100,000. Alibe nyanja, bwalo la ndege ngakhale njanji. Katundu ndi alendo amalowa pamsewu kuchokera ku Spain kapena ku France. Malo olimika ndi ochepa zedi, ndipo mbewu yotchuka m'zigwa zake ndi fodya. Pampando wa mtsogoleri wa dziko pamakhala anthu awiri akunja, pulezidenti wa France ndi bishopu wa Urgell ku Spain, potsatira dongosolo lomwe linayamba mu 1278.

Posowa nthaka ndi mafakitale, Andorra analemera pochita zosiyana ndi anansi ake. Misonkho yotsika inakopa ogula fodya, mowa ndi mafuta onunkhira, mapiri a chipale anakopa alendo mamiliyoni chaka ndi chaka, ndipo mabanki osunga chinsinsi anakopa chuma cha akunja.

Njira imeneyi inagwedezeka mu 2015, pomwe boma la America linaloza chala banki ya Banca Privada d'Andorra kuti imathandiza kubisa ndalama zakuba, ndipo boma la Andorra linailanda. Chaka chomwecho dzikoli linayamba kudula msonkho pa malipiro a anthu, wosapitirira 10 peresenti. Chinsinsi cha mabanki chinathetsedwa, ndipo mu 2020 Andorra analowa m'bungwe la IMF.

Ochirikiza panganoli akuti chuma chodalira alendo ndi masitolo n'chosakhazikika, monga mliri wa COVID-19 unaonetsera malire atatsekedwa. Kwa iwo, msika wa Ulaya udzapatsa makampani a dzikoli makasitomala atsopano komanso achinyamata mwayi wa ntchito kunja.

Otsutsa nawo ali ndi mfundo yolemera. Msika umodzi umalola anthu kusamuka momasuka, pomwe zigwa za Andorra n'zopapatiza ndipo malo omangapo nyumba akutha. Kale anthu olemera ochokera ku Spain, kuphatikizapo otchuka pa YouTube, akhala akusamukira kumeneko pothawa misonkho, ndipo lendi yakwera mpaka anthu kuchita zionetsero mu 2023. Ngakhale panganoli likulola dzikoli kuchepetsa chiwerengero cha obwera kudzakhala, ambiri akukayika ngati mpanda umenewo udzalimba.

Chovuta n'chakuti voti yokana singabwezeretse Andorra wakale, poti chinsinsi cha mabanki chinapita kale ndipo ndalama yomwe amagwiritsa ntchito, yuro, imayendetsedwa ndi ena. Chomwe ovota adzayeze n'chakuti kodi aphunzitsi, anamwino ndi ogwira ntchito m'mahotela adzakwanitsabe kukhala m'dziko lomwe amalitumikira.