ZA UMOYO WATHU: Mafuta Ofunda a ku India ndi Nthenda ya Msana

Mwezi uno ticeze za msana, pakuti khasu ndi mtolo wa nkhuni zasiya ambiri a ife tikudandaula m'ciuno.

Kumunsi kwa msana kuli mafupa 5 akuluakulu. Pakati pa fupa ndi fupa pali kankhata kofewa kamene madotolo amakacha disiki. Kankhataka kakang'ambika, zam'kati mwake zimatuluka ndi kupanikiza mtsempha. Pamenepo ululu umacokera m'ciuno, kudzera m'thako, kufikira kuphazi.

Asing'anga a ku India, otsata njira yakale yocizira yochedwa Ayurveda, anaudziwa kalekale ululu umenewu. Buku lao la Charaka Samhita limaucha gridhrasi, kucokera ku liu lotanthauza muimba, popeza wodwala amayenda motsimphina ngati mbalameyo. Iwo amati gwero lake ndi vata, ndiye kuti mphepo ya m'thupi, imene iri youma ndi yozizira. Conco amalimbana nayo ndi mafuta ofunda.

Njira yodziwika kwambiri ndi kati basti. Wodwala amagona cafufumimba. Sing'anga amakanda ufa wa nyemba zakuda, naumba mkombero pamsana, ndi kuthiramo mafuta a citowe ofunda ophikidwa ndi zitsamba. Mafutawo amakhalamo pafupifupi mphindi 30, ndipo akayamba kuzizira amathiramo ena ofunda. Amabwereza zimenezi kwa masiku angapo.

Kodi zimathandiza? Kufunda kumamasula minofu youma ndi kucepetsa ululu, koma palibe mafuta amene angabwezere disiki m'malo mwake. Nchito yaikulu limagwira ndi thupi lenileni: odwala ambiri amapeza bwino pakati pa milungu 6 ndi 12 popanda opareshoni. Tingatengepo nzeru iyi: thowani m'ciuno ndi nsalu yofunda, yendani pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, ndipo musagone pamphasa masiku ambiri.

Pa mankhwala akumwa cenjerani. Mu 2008 ofufuza a pa Boston University anayesa mankhwala a Ayurveda ogulidwa pa intaneti, napeza kuti pa mankhwala 5 alionse, amodzi anali ndi mtovu, mekyuli kapena aseniki. Zinthu zimenezi zimaononga impso ndi bongo. Musamwe botolo la mnzanu wocokera ku India musanamuonetse dotolo.

Pomaliza, pali zizindikiro zosafuna kudikira. Ngati mkodzo ukukanika kutuluka, kapena mkodzo ndi cimbudzi zikungotuluka zokha, ngati pakati pa miyendo pacita dzanzi, kapena phazi layamba kukhwekhwereka, pitani kucipatala tsiku lomwelo. Kucedwa kungapundule munthu moyo wake wonse. Ndipo ngati msana ukuwawa pamodzi ndi kuonda, kutentha thupi ndi thukuta la usiku, pemphani kuti akupimeni TB, cifukwa nayonso imadya mafupa a msana.

Khalani bwino, tidzacezanso mwezi wamawa.