Zithunzi 36 zokha, koma sangandibere m'minibasi

Chaka chatha anandisolola foni m'minibasi. Za foniyo sindinadandaule kwenikweni, batire lake linali litatopa kale. Chomwe chinandilasa mtima n'choti munali zithunzi za zaka zinayi, kuphatikizapo zomaliza za agogo anga aakazi, zomwe ndinawajambula kumudzi ku Dedza ali pamkeka akutong'ola chimanga. Mufunsa kuti bwanji sunazisunge pa Google Photos? Aise, bandulo yake iti? Ndinkangoti ndidzachita mawa.

Patangopita miyezi iwiri agogowo anatisiya. Chithunzi chomwe tinaika pabokosi chinatuluka m'sutikesi ya amalume. Ndi chakuda ndi choyera, cha m'ma 1970, agogo ali mayi wachitsikana, atavala duku, ataima pafupi ndi maluwa a mu situdiyo. Chikuoneka bwinobwino, mpaka mikanda ya m'khosi mutha kuiwerenga. Adzukulu tonse tili ndi mafoni a kamera zitatuzitatu, koma chinatiombola tsiku limenelo ndi kapepala ka zaka pafupifupi 50.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kujambula ndi filimu, ndipo ndikufuna ndinene poyera kuti si misala ngati momwe anzanga amanenera.

Msuweni wanga wa ku Johannesburg anandipezera Pentax K1000 yogwiritsidwapo kale ntchito. Kamera imeneyi anayamba kuipanga mu 1976 ndipo anasiya mu 1997. Ndi chitsulo cholemera, ilibe sikirini, ndipo imajambula ngakhale popanda batire. Kabatire kamene kalimo n'kongoyezera kuwala basi. Ndimaikamo filimu ya Ilford HP5 Plus, yomwe imatenga zithunzi 36. Zikatha, zatha. Palibe zoti ndione kaye ngati ndatuluka bwino, palibe zofufuta n'kuyambiranso.

Poyamba zimenezi zinkandinyansa. Pano ndi zomwe ndimakonda. Ndi foni ndinkangowaza zithunzi 20 za chinthu chimodzi, n'kusaziyang'ananso. Ndi filimu ndimaima, ndimaona komwe dzuwa lili, ndimadikira kuti mayi wogulitsa tomato uja amalize kuwerenga chenji adzutse mutu. Ndimayamba ndapereka moni n'kupempha, chifukwa kamera yotere siibisika. Ndipo popeza mitundu palibe, chitenje chowala sichingakuthandize kubisa chithunzi chopanda kanthu. Chotsala ndi nkhope, kuwala ndi mthunzi.

Kutsuka ndimatsuka ndekha kunyumba. Inu obadwa m'ma 2000 mwina mawu oti "kutsuka zithunzi" mumangowamva kwa makolo, omwe ankadikira wojambula wa panjinga milungu iwiri, nthawi zina n'kudzauzidwa kuti filimu yapsa. Ndi kutsuka kwenikweni, ndi madzi. Pafilimu anapakapo timchere ta siliva tomwe timasintha kuwala kukatikhudza, koma chithunzicho chimakhala chobisika. Uli mumdima wa ndiweyani umakulunga filimuyo n'kuitsekera m'kachitini kosalowa kuwala (magetsi akathima usiku, ena akudandaula, ine ndiye mwayi wanga). Ukatero umathira mankhwala oyamba omwe amatulutsa chithunzi, kenako ena ochotsa timchere totsala kuti kuwala kusachionongenso, n'kutsukuluza ndi madzi ambiri, n'kuyanika ngati malaya. Mankhwalawo amafuna madigiri 20, ndiye mu Okutobala ndimachita kuziziritsa madzi ndi ayisi. Filimu ya mitundu imafuna madigiri pafupifupi 38 osasunthasuntha, n'chifukwa chake ambiri ophunzira amayamba ndi yakuda ndi yoyera.

Chomwe chimatsala m'manja ndi negativu, kachingwe kokhala ndi zithunzi zotembenuka, poyera pakuda, pakuda poyera. Mfundo yanga yonse yagona pa kachingwe kameneka. Sikafuna pasiwedi, sikafuna tchaja, sikafuna kuti kampani ina ya ku America ikhale ikadalipo. Ukakaloza kudzuwa, chithunzi ukuchiona.

Taonani nkhani ya Ernest Cole. Anali mnyamata wakuda wa ku South Africa yemwe ankajambula mobisa moyo wa anthu akuda pansi pa ulamuliro wa tsankho: m'migodi, m'masitima odzaza, apolisi akugwira anthu chifukwa cha mapasi. Anathawa m'dzikomo mu 1966, buku lake la zithunzi lotchedwa House of Bondage linatuluka mu 1967, ndipo boma la kwawo linaliletsa. Anamwalira ku New York mu 1990 ali wosauka, anthu akuganiza kuti ntchito yake yambiri inatayika. Mu 2017 manegativu ake pafupifupi 60,000 anapezeka m'banki ina ku Stockholm, ku Sweden, ali abwinobwino. Tandiuzani, memory card yanu mutaiiwala m'kabati zaka 40, mdzukulu wanu adzaitsegula ndi chiyani? Ma CD a ukwati wa achemwali anu aja, lero mukuwaonera pati?

Sindikunamizani kuti n'zotchipa. Filimu ndi mankhwala ndimachita kuitanitsa kunja, ndipo ndi mmene ndalama zakunja zikuvutiramu, mpukutu umodzi umandiwawa m'thumba. Woyamba weniweniwo ndinauotcha ndekha: ndinatsegula kumbuyo kwa kamera ndisanaubwezere m'kachibekete kake, zithunzi za chinkhoswe cha mnzanga zonse psiti. Mpaka lero amandikumbutsa. Negativu nayonso imaopa chinyontho ndi moto, ndiye ukaiponya paliponse nyengo yamvula idzachita nkhungu. Palinso ena amene amagula makamerawa kuti angoakoleka m'khosi n'kudzijambula nawo selfie. Fashoni imeneyi ilipo ndithu, mpaka Pentax inatulutsa kamera yatsopano ya filimu mu 2024. Nanenso sindingadziyeretse, manegativu anga ndimawajambula ndi foni kuti ndiponye pa sitetasi.

Choncho sindikuti tayani mafoni. Amene alibe ndalama ya filimu, ndipo ndi ambiri, asankhe zithunzi khumi zokha m'foni mwake, za amayi, za abambo, za mwana, apite nazo ku situdiyo akazitulutse papepala, alembe kumbuyo dzina ndi chaka. Mtengo wake sungafike pa zomwe timaononga pa mabandulo a TikTok mwezi umodzi. Koma amene angathe, apite akafunse amalume ngati kamera ija ikadali m'sutikesi. Zambiri mwa izo zimangofuna kupukuta fumbi.

Mu K1000 yanga mwatsala zithunzi 11. Loweruka ndikupita nayo ku Dedza. Amayi anena kale pafoni kuti sajambulitsa asanamange duku latsopano, ndipo ndawauza kuti ndidikira.