Wazachuma akaitanidwa ku intavyu ya kampani ya foni

Kale mwana akatenga digiri ya zachuma ku Chancellor College ku Zomba, makolo ankadziwiratu makomo amene akagogode: ku Capital Hill, ku Reserve Bank, kumabanki enawa, apo ayi kukagwira choko kusekondale podikira kuti boma litsegule mipata. Masiku ano kwatseguka khomo lina limene ambirife sitinalizolowere. Makampani a foni, makampani otumiza ndalama, ogulitsa magetsi a dzuwa olipira pang'onopang'ono, ngakhale timakampani ta achinyamata topanga njira zolipirira pa intaneti, onsewa akufuna munthu wodziwa kuwerenga manambala ndi kumasulira khalidwe la ogula. Pa chikalata cholengeza ntchito mwina salemba kuti akufuna ekonomisiti, koma mukawerenga zimene munthuyo azikachita, mupeza kuti ndi ntchito ya wazachuma yeniyeni.

Ndalemba izi chifukwa mtsikana wina wa kwathu kuno ku Ching'ambo waitanidwa ku intavyu ndi kampani ina yotere ku Blantyre. Wakhala pakhomo zaka ziwiri chimalizireni sukulu, ndipo ndalama ya basi mayi ake akongola kubanki mkhonde. Poti ndinakhalapo kangapo pampando wa ofunsa ndisanapume pantchito, anabwera ndi makope ake atatu n'kunena kuti, "Asibweni, mundifunseko matanthauzo, ndaloweza onse." Ndinamuuza kuti makopewo ayambe wawaika pambali. Zimene tinakambirana ndaona kuti zingathandizenso ena amene makalata awo ali m'njira.

Ofunsa ku kampani yotere sakufuna kumva tanthauzo la kukwera mitengo kwa zinthu. Akudziwa kuti munakhoza mayeso, setifiketi ili patebulo pawo. Chimene amachita n'kukuponyerani kankhani kakang'ono ka pantchito n'kukhala chete, kuti aone mmene mutu wanu umayendera. Ndiye kukonzekera kwabwino kumayambira pa kabenchi ka ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba amene mumamudutsa tsiku lililonse.

Kakhaleni naye masana amodzi, mum'gulire kabotolo ka zoziziritsa kukhosi, muzingoona ndi kufunsa. Ejenti wa m'makwalala a kuno akuuzani kuti anthu ambiri amabwera kudzatapa: ndalama zachokera kwa mwana ku Lilongwe, kwa bambo a kunyumba ku Joni. Pofika masana ndalama zake za m'manja zatha, foni yadzaza. Mukapita kwa mnzake wa pafupi ndi msika waukulu kapena ku Zigwagwa madzulo, mumva dandaulo lotembenuka: ochita malonda akufuna kusungitsa zimene agulitsa, iye floti yam'thera, thumba ladzaza ndalama zamapepala zimene akuopa kuyenda nazo usiku. Onse awiri amabweza makasitomala, koma pa zifukwa zosiyana. Amene wamvetsa zimenezi wamvetsa kuti kampani ya ndalama za pafoni ili ndi misika iwiri nthawi imodzi, wa makasitomala ndi wa maejenti. Mukafinya komishoni ya ejenti, atseka kabenchi n'kuyamba kugulitsa kaunjika, kasitomala asowa potapira, nayenso asiya kutumiza. Izi mabuku amazifotokoza ndi mawu ataliatali, koma munthu amene angazinene ndi chitsanzo cha ejenti wa kwawo amakhazika pansi mitima ya ofunsa.

Tsopano tibwere pa funso limene ndikukhulupirira kuti limagwetsa ambiri, ndipo ndikhalitsapo pang'ono. Akuuzani kuti, "Mwezi wa Epulo tinatsitsa mtengo wotumizira ndalama m'chigawo chakumpoto. Pofika Juni anthu otumiza anachuluka kwambiri. Kodi kutsitsako kunathandiza?" Wophunzira wachangu amalumpha n'kuti inde, mtengo ukatsika ogula amachuluka, n'kutchulanso dzina la lamulo lake m'Chingerezi. Pamenepo wagwa. Aliyense wokhala ku Mzuzu akudziwa kuti miyezi imeneyo ndi imene msika wa fodya umakhala wotsegula, alimi a ku Rumphi ndi ku Mzimba alandira, mpunga wa Kilombero wayamba kutsika kuchokera ku Karonga, anthu akolola ndipo fizi ya teremu yachitatu ikufunika. Ndalama zikanayenda ndithu ngakhale kampani ikanangokhala manja lende.

Yankho lokhwima limayamba ndi kufunsa: zikanakhala bwanji mtengo ukanapanda kutsika? Poti zimenezo sitingazione ndi maso, timafuna madera ofanana nawo kumene mtengo sunasinthe, mwachitsanzo maboma ena olima fodya ngati Kasungu ndi Dowa. Tiyerekeze kuti kumpoto otumiza anakwera ndi 30 pa 100 alionse, pamene kumadera enawo anakwera ndi 22 popanda kutsitsa kalikonse. Ndiye kuti chimene tingati chabwera ndi mtengo watsopano ndi 8 yekha, osati 30. Muwonjezeponso kuti muyang'ana ngati madera awiriwo ankayendera limodzi miyezi ya m'mbuyo, chifukwa ngati ankasiyana kale, kuyerekezako n'kopanda ntchito. Mukatero mwaonetsa kuti mumasiyanitsa zinthu zongochitikira pamodzi ndi chinthu chimene chayambitsa chinzake. Kunena zoona, theka la malipiro a wazachuma pakampani yotere amalandirira luso limeneli.

Akhoza kupitiriza: nanga tikanafuna kudziwa bwinobwino, tikanatani? Apa nenani zoyesa mwa maere. Makasitomala agawidwe m'magulu awiri mosasankha nkhope, gulu lina lipatsidwe mtengo watsopano, lina likhale ndi wakale, pakatha masabata angapo muyerekeze. Ndi njira imene makampani ngati Google ndi Amazon amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo n'chifukwa chake analemba akatswiri a zachuma ambiri. Hal Varian, amene buku lake la microeconomics ophunzira ambiri a zachuma analisenzapo, anachoka kukalasi n'kukakhala mkulu wa azachuma ku Google. Koma musaiwale kuti kuno ndi ku Malawi. Anthu awiri a nyumba imodzi akaona kuti wina akudulidwa zochepa, nkhani ifika pa wailesi mawa lake, ndipo ena angobwereka foni ya mnzawo. Mwina n'kwanzeru kugawa madera m'malo mogawa anthu. Kutchula vuto lotere musanafunsidwe kumakukwezani.

Masamu a pamtima nawonso ayeseni. Tiyerekeze kuti kutumiza kumadula K500 ndipo patsiku pamadutsa anthu 100, kampani ipeza K50,000. Mukatsitsa kufika K400, pafunika anthu 125 kuti ndalama ikhale yomweyo. Mtengo watsika ndi 20 pa 100, koma otumiza ayenera kukwera ndi 25 pa 100, ndipo apo sitinawerengere komishoni ya ejenti pa anthu owonjezerawo. Ambiri amayankha kuti 120. Funso lina lotere ndi longa ili: mzinda wa Mzuzu ukufunika maejenti angati? Palibe amene akuyembekeza nambala yeniyeni. Yambani ndi chimene mukudziwa, kuti kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 220,000 mumzindawu, muchotsepo ana, muganizire kuti wamkulu mmodzi amapita kwa ejenti kangati pamwezi, ejenti mmodzi angathandize angati patsiku. Lankhulani mokweza sitepe iliyonse, ndipo pamene mukungoganizira nenani kuti apa ndikungoganizira.

Za kampaniyo ndi malamulo ake ndidutsapo msanga, chifukwa n'zongofuna kuwerenga. TNM ili pamsika wa masheya kuyambira 2008, Airtel Malawi kuyambira 2020, choncho malipoti awo apachaka ndi a aliyense wofuna. Reserve Bank imatulutsa malipoti a kayendedwe ka njira zolipirira, ndipo ndi imene imayang'anira ndalama za pafoni. MACRA imayang'anira za mafoni, pamene CFTC imaona za mpikisano pamalonda ndi madandaulo a ogula. Dziwani kuti Airtel Money inayamba mu 2012, Mpamba n'kutsatira mu 2013, patapita zaka M-Pesa itayamba ku Kenya mu 2007. Ngati mukufuna kafukufuku mmodzi woti mumutchule, pali wa Tavneet Suri ndi William Jack wa 2016, amene anapeza kuti M-Pesa inathandiza mabanja pafupifupi 194,000 a ku Kenya kuchoka mu umphawi. Chosangalatsa pa kafukufukuyo ndi mmene anayezera: anayang'ana kuchuluka kwa maejenti pafupi ndi nyumba za anthu. Tabwereranso pa kabenchi paja.

Dziwaninso kuti kwacha inagwetsedwa ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndipo mukhale okonzeka kufotokoza chifukwa chake zimenezi zimapweteka kampani ya foni mwapadera. Iyo imalandira makwacha kwa inu ndi ine, koma zipangizo za pansanja ndi mapulogalamu a makompyuta imagula ndi madola, ndipo majenereta a pansanjazo amamwa dizilo wochokera kunja. Ikakweza mabandulo anthu amalira, ikapanda kukweza netiweki imafooka. Wazachuma amalembedwa kuti akhale pakati pa moto umenewu.

Pali mbali ina imene sukulu zathu zimaisiya m'mbuyo. Ambiri amatuluka akudziwa Stata kapena EViews pang'ono, zokwanira kulembera pepala la chaka chomaliza. Kukampani manambala sabwera atakonzedwa kale. Ali m'nkhokwe za kompyuta, mizere mamiliyoni, ndipo muyenera kukawatulutsa nokha ndi chinenero chotchedwa SQL. Zoyambira zake munthu wakhama amaziphunzira m'masabata awiri, maphunziro aulere alipo pa intaneti, chofunika ndi bandulo ndi laputopu yobwereka. Excel muidziwe mpaka ma pivot table. Ngati muli ndi nthawi, tengani manambala a kafukufuku wa mabanja wa National Statistical Office wa 2019 mpaka 2020, mufunse funso limodzi laling'ono, mwachitsanzo mabanja okhala ndi foni amasiyana bwanji ndi opanda foni, mulembe tsamba limodzi la zimene mwapeza. Tsamba limenelo likupatsani chokamba akadzati tiuzeni ntchito imene munagwirapo. Ndipo ngati Python simuidziwa, nenani kuti simuidziwa. Ndinaonapo mnyamata atalemba pa CV zinenero zinayi, atapatsidwa laputopu thukuta linangoti kamukamu, chonsecho mafunso ena onse anayankha bwino.

Funso limene ine ndimalikonda, ndipo ndikudziwa kuti ena amalifunsa, ndi la ngongole za pafoni. Akuti obweza mochedwa achuluka, tikweze chiwongoladzanja kuti titseke dzenje? Wazachuma ayenera kuona msampha: mukakweza, amene amabweza mokhulupirika ndi amene amayamba kuchoka, chifukwa ali ndi kwina kokongola, kubanki mkhonde kapena kwa abale. Otsala ndi aja opanikizika ndi aja amene sanalinge n'komwe zobweza. Dzenje likula. Apa ndiikepo maganizo anga, ena akhoza kutsutsa. Musaope kutchula amene asenze mtolo wa chiganizo chilichonse. Mtengo wa K100 wowonjezera pa kutapa K3,000 suoneka pa tchati cha mu ofesi, koma kwa mayi wogulitsa usipa kapena mnyamata wa sakaramento amene amapalasa njinga tsiku lonse, ndi phindu la ulendo wathunthu kapena mulu umodzi. Munthu wotero akaona kuti akudyeredwa amabwerera kumanga ndalama pa chitenje, ndipo kampani yataya kasitomala. Kunena zimenezi si kulalikira, ndi mbali ya kuwerengera. Wokulira ku Ching'ambo ali ndi mwayi pamenepa kuposa mnzake wokulira ku Area 10, bola asachite manyazi ndi kumene akuchokera.

Nthawi zambiri gawo loyamba amachitira pa Zoom kapena Teams. Kuno kwathu mvula ikayamba kuomba pamalata simumvana ndi munthu, magetsi akhoza kuzima nthawi ina iliyonse, ndipo tambala wa aneba sadziwa za intavyu. Pezeranitu chipinda chodenga bwino kwa wachibale kapena kutchalitchi, yesani netiweki pamalo omwewo dzulo lake pa ola lomwelo, tchajani zonse, ndipo mukhale ndi simu ya kampani inayo podzitetezera. Akakuitanani pamaso, musakwere basi ya usiku yofika m'mawa wa tsiku lomwelo. Ulendo wa Mzuzu mpaka Blantyre ndi wa usiku wonse, ndipo basi ikafera ku Chikangawa palibe adzakumvereni chisoni. Funsani mwaulemu ngati amabweza ndalama ya thiransipoti, si mwano. Koma wina akakuimbirani kuti mutumize ndalama kuti dzina lanu lilowe pamndandanda, dulani foni, ameneyo ndi wakuba.

Pa malipiro, musatchule nambala musanadziwe ngati akunena za ndalama yonse kapena yotsala akadula msonkho ndi 5 pa 100 yanu ya penshoni. Funsaninso kuti malipiro amawaunikanso pakapita nthawi yaitali bwanji, popeza mwangomaliza kuwafotokozera nokha zimene kwacha inachita mu 2023. Akakupatsani mpata wofunsa, funsani kuti gulu limene mukalowemo likulimbana ndi funso lanji miyezi ino, ndiponso kuti zimene wazachuma wapeza zimakafika patebulo la ndani.